Kusankha ndi kukonza mfuti yaikulu yosakira patali

Anthu amene angoyamba kukonda ulenje amakonda kufunsa kuti, "Ndigule mfuti yanji yoti izifika patali?" Amafuna dzina la mfuti ndi nambala ya chipolopolo basi. Koma mfuti zikuluzikulu zonse zimafika patali, kupitirira pamene maso anu angazindikire kuti ija ndi ngoma kapena chitsa. Chovuta n'chakuti wogwira mfutiyo athe kuika chipolopolo choyamba pamtima pa nyama, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuwomba, iye ali wefuwefu chifukwa chokwera phiri. Zonse zimene mungagule kapena kusintha pa mfuti ziyenera kuthandiza chipolopolo choyambacho. Zimene sizikuthandiza pamenepo, ndalama zake zisungeni.

Choyamba, mapepala ndi malo osakako

Musanaone mtengo wa mfuti iliyonse, pitani kupolisi. Ku Malawi munthu sasunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso, ndipo nkhani za ziphasozi zimathera ku likulu la apolisi ku Area 30 ku Lilongwe. Ngati muli kuno ku Mangochi, yambirani pa polisi ya pa boma, akuuzani zofunika. Chiphaso chimatchula mfuti yeniyeniyo, nambala yake ndi kukula kwa chipolopolo chake, choncho ngati mudzafune kusintha mpope wa mfuti, modutsa chipolopolo, n'kuika wa chipolopolo china, kafunseni kaye. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chophera nyama. Chimenecho n'china, ndipo chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako nyama.

Tsono dzifunseni kuti mukasaka kuti, chifukwa kuno kwathu malo okhala nyama zikuluzikulu ndi otetezedwa. Ku Liwonde bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, nkhalango ya Mangochi inawonjezedwapo mu 2018, ndipo Lake Malawi National Park ili pomwepa ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe nazonso ndi zaboma. M'malo onsewa mfuti ya mlenje siilowa. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopha nyama zina zotetezedwa atha kukakhala kundende zaka 30 popanda mwayi wolipira chindapusa. Ng'ona ikamavutitsa padooko ku Malombe, kapena mvuu zikamatha mpunga m'mbali mwa Shire, kanenereni a zanyama. Kukhala ndi mfuti yaikulu m'nyumba sikukupatsani mphamvu yokaweruza nokha.

Amene amasakadi nyama zikuluzikulu mwalamulo amapita kumafamu a nyama ku South Africa ndi ku Namibia, kapena kumadera obwereketsedwa kwa makampani a ulenje ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi Mozambique. Ife a ku Mangochi, chigawo cha Niassa ku Mozambique tili nacho pafupi, kungodutsa pa Chiponde kulowa Mandimba. Koma mfuti siingowoloka malire: pamafunika chilolezo choitulutsira kuno ndi china choilowetsera uko, ndipo kampani imene ikukulandiraniyo ndiyo imathandiza mapepala a mbali yawo. Afunseni iwowo kuti nyama imene mukufuna amaloleza chipolopolo chanji, komanso kuti kwawoko amawombera ali patali bwanji. Yankho lawo ndilo likusankhireni mfuti.

Chachiwiri, chipolopolo

Mfuti yosakira patali ndi mfuti ya nyama zoopsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Njati siiwomberedwa pamtunda wa mamita 400. Mlenje amaiyandikira mpaka mamita 50 kapena 80, chifukwa njati yovulala imakabisala m'bango n'kudikira amene akuilondola. Pa njati mayiko ambiri amafuna chipolopolo cha .375 H&H Magnum kapena choposa pamenepo. Chipolopolo chimenechi chinatuluka mu 1912 ku kampani ya Holland & Holland ku London, ndipo mpaka lero palibe msasa wa alenje mu Africa muno umene sachidziwa. Cholemera magalamu 19, chimene pabokosi amalemba 300 grain, chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 770 pa sekondi. Ngati ndalama zanu zikungokwana mfuti imodzi ndipo njati ili m'maganizo mwanu, gulani imeneyi. Ndi chipolopolo chopepukirapo cha 270 grain imagwiranso bwino ngoma ndi ntchefu mpaka mamita 250.

Ngati cholinga chanu ndi ngoma, mphalapala, mbidzi kapena ntchefu pamalo oyera pamene simungayandikire, ine ndingakuuzeni .300 Winchester Magnum, ya mu 1963. Chipolopolo chake cha 180 grain, chomwe ndi magalamu pafupifupi 12, chimatuluka pa mamita 900 pa sekondi. Cha 7mm Remington Magnum cha mu 1962 chimachita zofanana koma chimamenya phewa pang'ono. Ndipo musanyoze .30-06 Springfield chifukwa choti ndi cha mu 1906. Mpaka mamita 300 ngoma siisiyanitsa, zipolopolo zake zimapezeka mosavuta, ndiponso munthu amatha kuwombera kambiri osaopa.

Anyamata ambiri aona .338 Lapua Magnum pa intaneti n'kuikonda. Inapangidwira asilikali m'zaka za m'ma 1980, ndipo mfuti zake zambiri zimalemera makilogalamu 6 kapena kuposa. Yesani kunyamula katundu wotero tsiku lonse m'mapiri a Niassa mu Okutobala. Zipolopolo zake n'zodula kwambiri, ndiye mwini wake amagula bokosi limodzi n'kumalisunga, osaphunzira nalo kuwombera. Pa ulenje siikufunika.

Musanalipire, funsani wogulitsa wovomerezeka ngati zipolopolo za mfutiyo amakhala nazo chaka chonse. Mfuti imene zipolopolo zake zimabwera kamodzi pa zaka ziwiri idzakhala yokongoletsa kabati. Pa nyama gwiritsani zipolopolo zopangidwira kusaka, zimene zimatambasuka koma osaphwanyika, monga Nosler Partition, Swift A-Frame kapena Barnes TSX. Zopangidwira mpikisano wa chandamale zimalunjika bwino papepala, koma pafupa la phewa la ntchefu zitha kusweka n'kusiya bala losapha.

Chachitatu, mfuti yeniyeniyo

Tengani ya bolt, yokoka ndi dzanja chipolopolo chimodzichimodzi. Tikka T3x, Sako, Remington 700, Winchester Model 70 ndi CZ zonse ndi zodziwika ndipo zipangizo zake zimapezeka. Pa .375 ambiri amakonda zopangidwa motsatira Mauser ya mu 1898, chifukwa chibwano cha bolt chimagwira chipolopolo kuchokera m'magazini, mosungira zipolopolo, mpaka kuchitulutsa, ngakhale munthu akukoka mwamantha.

Mpope wa .300 ukhale wa mainchesi 24 mpaka 26, kuti onga wochulukawo upse wonse. Mfuti yonse pamodzi ndi sikopu, galasi loonera patali loikidwa pamwamba pake, ilemere makilogalamu 4 mpaka 4 ndi theka. Yopepuka kwambiri imakoma ponyamula koma imamenya koopsa ndiponso imagwedezeka ndi kugunda kwa mtima wanu.

Kuno kunyanja ganizirani za chinyezi. Chogwirira cha mtengo wa walnut ndi chokongola, koma nthawi ya dzinja chimafufuma, n'kukankha mpope, ndipo mfuti imene inkalunjika mu Seputembala imayamba kuphonya mu Febuluwale. Chitsulo chosachita dzimbiri msanga ndi chogwirira cha fibre kapena pulasitiki yolimba ndizo zoyenera ku Mangochi.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino ngati mwaiyendera. Chotsani bolt, lozetsani mpope kumene kuli kuwala, muone mkati. Mizere ikhale yakuthwa, yosadyeka, makamaka poyambira pake pafupi ndi polowera chipolopolo, chifukwa moto wa magnum umadya pamenepo. Onaninso kukamwa kwa mpope: pakakhala kachilema ngakhale kakang'ono, chipolopolo chimatuluka chopotoka. Nambala ya pa mfuti igwirizane ndi ya pamapepala a mwini wake, ndipo kusinthana umwini kuchitikire kupolisi. Ya pamseri, kaya yotchipa bwanji, isiyeni.

Chachinayi, kuikonza kuti ikukwaneni

Yambani ndi kutalika kwa chogwirira. Valani malaya amene mumasakira, tsinzinani, kwezani mfuti paphewa, kenako tsegulani maso. Ngati diso lanu silili pakati penipeni pa sikopu, mfutiyo siinakukwaneni. Kuchokera pokhethemulira kufika kumapeto kwa chogwirira, mfuti zambiri zimabwera ndi masentimita 34 kapena 35. Wamfupi afupikitse, wamtali awonjezere timapepala ta pulasitiki timene amaika kuseri kwa labala wotsamira paphewa. Tsaya nalo likhale ndi potsamira. Sikopu yaikulu imakhala pamwamba, ndiye mutu umalendewera. Kachikopa kokhala ndi siponji komangirira pa chogwirira kamathetsa vutolo ndi ndalama zochepa.

Labala wakumapeto akhale wofewa, wa Pachmayr kapena LimbSaver. Musachite manyazi ndi zimenezi. Mfuti ya .375 imamenya pafupifupi kawiri poyerekeza ndi .30-06, ndipo thupi likapwetekedwa kangapo limaphunzira kudzidzimuka mfuti isanalire. Munthu amatsinzina, amakankha phewa kutsogolo, chipolopolo n'kupita pansi. Mukafuna kudziwa ngati matendawa mwawatenga, pa malo ophunzirira mnzanu azikuikirani mfuti inu mutatembenuka, nthawi zina aike chipolopolo, nthawi zina asaike. Ikangoti khethe popanda kulira, muona nokha mpope ukugwa. Mankhwala ake ndi kubwerera ku mfuti yaing'ono ya .22 kwa milungu ingapo.

Ena amaika muzzle brake, kachitsulo ka mabowo kotulutsira mpweya wa onga m'mbali, kukamwa kwa mpope. Imachepetsadi kumenya, koma phokoso limabwerera kwa inu ndi kwa amene waima pambali panu, ndipo olondola mapazi a nyama amadana nayo pa chifukwa chomveka. Makutu akawonongeka sabwerera. Kaya muli nayo kaya mulibe, valani zotseka m'makutu.

Kenako onani ngati mpope uli womasuka. Mfuti ili yopanda chipolopolo, tengani ndalama yapepala ya K1000, muikulunge pansi pa mpope kutsogolo, muikokere chakumbuyo pakati pa mpope ndi chogwirira. Iyenera kutsetsereka mpaka pafupi ndi potsekera bolt osakodwa. Ikakodwa, ndiye kuti chogwirira chikukhudza mpope, ndipo zipolopolo zizibalalika mpope ukatentha. Mmisiri wa mfuti amapala pokhudzapo, n'kukhazika chitsulo cha mfuti pa guluu wolimba wa epoxy kuti chisamasunthe mkati mwa chogwirira. Pa zonse zimene anthu amasintha, ntchito imeneyi ndiyo imabweza ndalama zake.

Chokhethemulira chikhale chofuna mphamvu ya kilogalamu imodzi ndi theka, chodula mwadzidzidzi, chosakoka ngati chingamu. Koma musachipale nokha ndi tupa, ndipo musachipepuze kupitirira apo. Chokhethemulira chopalidwa ndi munthu wosadziwa chimatha kulira chokha potseka bolt kapena mfuti ikagunda pansi, kumbuyo kwanu kuli mnzanu. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka. Akakhala kuti sakupezeka, chisiyeni mmene chinabwerera.

Chachisanu, sikopu

Apa musaumire. Kuika sikopu yotchipa pa magnum kuli ngati kumangirira injini yatsopano pa boti ndi luzi. Kumenya kwa mfuti kumamasula magalasi a mkati, ndipo mumatha mabokosi awiri a zipolopolo mukuimba mlandu mpope. Leupold, Zeiss, Swarovski, Nightforce ndi Vortex ali ndi zolimba. Pa .300 yokulitsa chithunzi kuyambira ka 3 mpaka 15, kapena 4 mpaka 16, yakwana. Pa .375 ya njati mukufuna yaing'ono, ya 1 mpaka 6, kuti muone nyama yonse ikatulukira pafupi.

Onetsetsani mpata wa pakati pa diso ndi sikopu. Pa mfuti zomenya ukhale masentimita 9 kapena 10. Ukachepa, sikopu imabwerera n'kukutemani pachikope, makamaka powombera chokweza phiri.

Timagudumu tosinthira sikopu tili mitundu iwiri, malinga ndi muyezo wake: mil ndi MOA. Pa sikopu ya mil, kudina kamodzi kumasuntha chipolopolo sentimita imodzi pa mamita 100, masentimita atatu pa mamita 300. Pa ya MOA, MOA imodzi ndi masentimita 2.9 pa mamita 100, ndipo kudina kamodzi nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a pamenepo. Ife timayeza ndi mamita, ndiye mil ndiyo yosavuta kuwerengera m'mutu. Chachikulu n'chakuti mizere ya mkati mwa galasi ndi timagudumu zikhale za mtundu umodzi.

Mphete zogwira sikopu zikhale zachitsulo chabwino, zomangidwa ndi mphamvu imene wopanga analemba, osati mpaka dzanja litatopa, chifukwa kumangitsa kumafinya thupi la sikopu. Pofuna kuti mtanda wa mizere ya mkati mwa sikopu uime chilili, mangirirani mwala ku chingwe, muchipachike pa nthambi ya mango mamita 20 kutsogolo. Khazikani mfuti mowongoka pa matumba a mchenga, tembenuzani sikopu pang'onopang'ono mpaka mzere woimirira ugone pa chingwecho, kenako mangani. Mtanda wopendekeka suoneka vuto pa mamita 100, koma pa 400 umatengera chipolopolo kumbali.

Gulaninso rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda. Maso amanama, makamaka pa dambo loyera kapena kutsidya kwa chigwa.

Chachisanu ndi chimodzi, kulunjikitsa ndi kudziwa malire anu

Wombererani pamalo ovomerezeka, pamene kuseri kwa chandamale kuli phiri kapena khoma la dothi. Chipolopolo cha magnum chikaphonya chimatha kuuluka makilomita oposa anayi, ndipo boma lathu lino midzi ndi yothithikana. Pamadzi musayerekeze n'komwe. Chipolopolo chimadumpha pamwamba pa madzi n'kupita kumene simunalozeko, ndipo panyanja sipasowa bwato.

Yambani pafupi. Chotsani bolt, suzumirani mumpope mpaka chandamale cha pa mamita 25 chikhale pakati, sinthani sikopu ifike pomwepo. Wombani kamodzi, konzani, pitani pa mamita 100. Pamenepo wombani katatu, muyeze pakati pa mabowo atatuwo, ndipo musinthe kuchokera pamenepo, osathamangitsa bowo lililonse. Mfuti yosakira patali iziika zipolopolo zitatu m'kati mwa masentimita atatu. Yesani mitundu iwiri kapena itatu ya zipolopolo, chifukwa mpope uliwonse uli ndi chimene umakonda, ndipo mukachipeza gulani mabokosi angapo a gulu limodzi.

Pitani m'mamawa. Dzuwa la kuno likakwera, mpweya wotentha wochokera panthaka umavinavina n'kumasuntha chandamale m'galasi, ndipo mpope suzizira. Dikirani mphindi zingapo pakati pa kuwombera. Zipolopolo musazisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka: onga wotentha umakwera mphamvu, ndipo mukaona bolt ikuvuta kutsegula mutawombera, lekani pomwepo.

Ndi .300 ya 180 grain, ikani kuti igunde masentimita pafupifupi 5 pamwamba pa mamita 100. Pa 200 igunda pakati, pa 300 itsika masentimita ngati 20, pa 400 ngati 60. Manambalawa ndi ongoyambira. A mfuti yanu muwapeze powombera mtunda uliwonse, muwalembe pa kapepala, mukamate pa chogwirira ndi tepi.

Kutsika kwa chipolopolo n'kosavuta chifukwa sikusintha kwambiri. Mphepo ndiyo imagonjetsa alenje. Yowomba chopingasa pa makilomita 16 pa ola, yongogwedeza nthambi zing'onozing'ono, imakankha chipolopolo chomwechi masentimita pafupifupi 18 pa mamita 300, ndi oposa 30 pa mamita 400. Malo a mtima ndi mapapo a ngoma ndi masentimita ngati 25, a nswala ndi ochepera apo. Ndiye werengani nokha: mwera wa mu Juni ndi Julayi umaposa liwiro limenelo kutali, ndiponso suwomba mofanana pamene mwaima inu ndi pamene paima nyama. Onjezani kuti pa mamita 400 chipolopolo chimatenga theka la sekondi, nthawi yokwana kuti nyama iponye phazi limodzi, chipolopolo cha pamtima n'kukalowa m'mimba. Nyama yolasidwa m'mimba imatha kuyenda usiku wonse ikuvutika, mwinanso osapezeka, ndipo kumafamu ndi kumisasa magazi akangooneka mumalipira mtengo wonse.

Malire anu muwapeze chonchi. Khomani mbale yapepala ya masentimita 20. Chokani pa tebulo, gwiritsani ndodo zitatu zomanga pamwamba zimene alenje amatsamiritsapo mfuti, kapena gonani pansi mutatsamiritsa pa chikwama. Yendani mofulumira kaye kuti mtima ugunde. Wombani kamodzi kokha ndi mpope wozizira. Bwerezani masiku osiyanasiyana, kuli mphepo ndi kulibe. Mtunda umene mumagunda mbaleyo kasanu ndi kanayi pa khumi ndiwo mtunda wanu, ndipo kwa ambiri amene amayesa moona mtima umathera pakati pa mamita 200 ndi 300. Nyama ikakhala kupitirira pamenepo, yandikirani. Onani kumene mphepo ikuchokera, gwiritsani chulu ndi mitengo, kwawani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikakanika, isiyeni ipite.

Kunyumba musaphunzire ndi zipolopolo zenizeni. Gulani zabodza zapulasitiki zophunzirira, onetsetsani kawiri kuti mfuti ilibe kanthu, lozetsani kukhoma la njerwa, muzikhethemula pang'onopang'ono mtanda osasuntha. Mphindi khumi patsiku zimasintha munthu kuposa sikopu yatsopano.

Chomaliza, kusunga

Mfuti ikhale m'kabati yachitsulo yokhoma, yomangiriridwa kukhoma, bolt mutaichotsa, zipolopolo zili potsekera pena. Makiyi asakhale pamene ana kapena alendo akudziwa. Musaisunge m'chikwama chake chansalu, chifukwa chimasunga chinyezi, ndipo mphepo ya kunyanja imaika dzimbiri pa chitsulo m'masiku ochepa, makamaka pamene mwagwira ndi zala za thukuta. Ipukuteni ndi kansalu ka mafuta a mfuti nthawi iliyonse mwaigwira, ikani timatumba toyamwa chinyezi m'kabatimo, ndipo m'dzinja muziiyang'ana mlungu uliwonse. Potsuka mpope lowetsani ndodo kuchokera kumbuyo, kuti musawononge kukamwa. Mavu omanga ndi dothi amakonda kubowo kwa mpope, choncho suzumirani mkati musanaike chipolopolo. Mpope wotsuka kumene ndi wamafuta umaponya chipolopolo choyamba pena, ndiye musanapite kokasaka upukuteni uume, muwombere kawiri pa chandamale, ndipo mukafika kumsasa mutayenda msewu wa mabampu yesaninso kamodzi pa mamita 100 musanalowe m'tchire.